Anati Tikukalera Ana a Azungu

Chaka chimene ndinapita ku Halale ndinali kale mayi wa mwana mmodzi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akamva nkhani ngati yanga amayesa kuti ankanyengedwa ndi ana osadziwa kanthu okha. Ine ndinali nditavinidwa, nditakwatiwa, nditabereka. Mwamuna wanga anapita kumigodi ya mkuwa ndili ndi pakati, ndipo anatchona. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha, iye osaoneka, mpaka amalume anapita kukhoti la mfumu kukathetsa ukwatiwo.

Inali nthawi ya Chitaganya, boma la azungu lolumikiza maiko atatu. Kwathu, kumpoto kwa boma la Petauke panjira ya ku Sasare, Chitaganyacho tinkangochimva amuna okalamba akamakangana pamowa. Chimene tinkaona ndi maso n'chakuti midzi inatsala ya akazi. Amuna amphamvu anali kumigodi kapena ku Halale, monga tinkatchulira dziko la kutsidya la Zambezi. Tinkalima tokha, kufolera nyumba tokha, ndipo nthawi zina kukumba manda tokha.

Mayi amene anatitenga anafika nthawi yokumba mtedza. Tinkangowatchula kuti adona chifukwa cha mavalidwe awo: diresi la maluwa, nsapato zazitali chidendene, ndi ambulera ngakhale kunalibe mvula. Koma anali Mnsenga mnzathu, wolankhula Chinsenga chenicheni. Anati bambo awo ankagwira ntchito pamgodi wa golide wa ku Sasare limodzi ndi malemu bambo anga, ndipo anatchula ngakhale chala chimene bambo anaduka pamgodipo. Amama atamva zimenezo analira, n'kuwayalira mphasa yatsopano. Palibe anaganiza kuti nkhani ya chalayo aliyense wa dera lathu ankaidziwa.

Lamlungu adonawo anapemphera nafe, ndipo nyimbo zonse ankazidziwa pamtima. Titaweruka ndi pamene anayamba nkhani yawo pakhonde pathu.

"Amama, akazi a azungu ku Halale atopa ndi anyamata," anatero. "Akufuna akazi aukhondo, opemphela, odziwa kulela mwana. Pogona akupatsa, chakudya akupatsa, chovala akupatsa. Chaka chimodzi chabe, mwana wanuyu adzabwela ndi makina osokela."

Mtima wanga unadumpha. M'dera lathu lonse makina osokera anali nawo munthu mmodzi, telala wa pasitolo ya mmwenye.

Amalume okha ndiwo anakayika. "Nanga mapepala?" anafunsa. "Masiku ano mkazi wopanda mwamuna saoloka Luangwa. Akapaso amawatsitsa pa mlatho."

Akapaso anali asilikali a mafumu, ndipo ankabwezadi akazi opita kutauni opanda kalata ya ukwati.

"Zimenezo ndisiyileni ine, bambo," anayankha adona akuseka. "Kodi ine ndimaoloka bwanji?"

Msuweni wanga, mwana wa azakhali, atamva anakakamira kuti nayenso apita. Anali wamkulu ndithu koma wosakwatiwa, wamng'ono pang'ono kwa ine, munthu woseka mpaka kugwa pansi. Azakhali anavomera mosavuta. Anati awiri ndi anthu, mmodzi ndi nyama.

Mwana wanga ndinamusiya kwa amama. Tinayenda pansi mpaka ku Petauke, n'kukwera lole ya mtedza yopita ku Nyimba. Kumeneko, kuseri kwa sitolo ina, tinapeza amuna awiri akutidikira. Mmodzi anali wamtali, wa chipsera pachibwano. Adona anatulutsa mapepala m'chikwama n'kupatsa amunawo, osati ife.

"Uyu ndi mwamuna wako mpaka tikafike," anandiuza akuloza wa chipserayo. "Akakufunsa pa mlatho, uvomele. Usalankhule zambili."

Ndinayang'ana msuweni wanga. Iye anagwira pakamwa kuti asaseke.

Basi inafika pa mlatho wa Luangwa dzuwa lili pamutu, kukutentha ngati m'ng'anjo. Kapaso anakwera n'kumayenda mpando ndi mpando. Mkazi wina wa kutsogolo anamutsitsa akulira, katundu wake n'kumuponyera pafumbi. Atafika pa ife anatenga pepala kwa mwamunayo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Amai, awa ndi amuna anu?"

Dzanja la wa chipsera linali pabondo langa, zala zikulowa m'mnofu.

"Inde, bambo."

Kapaso anapitirira. Basi inaoloka. Ndinadikira kuti dzanjalo lichoke, koma silinachoke. Nditayesa kulikankha linafinya kwambiri, mwini wake akuyang'ana panja ngati palibe chikuchitika. Ndinatembenuka kufuna adona. Anandiyang'ana m'maso, kenaka n'kutseka maso awo ngati akugona. Mantha anga anayambira pamenepo, koma mtsinje unali kale kumbuyo, ndipo ndinalibe ngakhale pepala losonyeza kuti ndine yani.

Mzinda wa azungu umene tinkaulota sindinauone. Titasintha magalimoto kangapo anatitsitsa patchire, pafupi ndi komboni ya mgodi wina, panyumba yaitali ya malata yozunguliridwa ndi mpanda wa udzu. Kutsogolo ankagulitsa mowa. Kumbuyo kunali tizipinda togawidwa ndi masaka. Tinapezamo akazi ena, a ku Nyasalande ndi a kwa Apwitikizi. Palibe anatilonjera. Msuweni wanga anafunsa mmodzi wa iwo, mayi woonda amene ankatsuka mabotolo, kuti nyumba za azungu zili mbali iti.

"Kuno kulibe ana a azungu, achemwali," anayankha osadzutsa mutu. "Ifenso anatiuza zomwezo."

Mitolo yathu anatilanda tsiku lomwelo. Adona anavula nsapato zawo zija, n'kuvulanso mawu aulemu. Anati tadya ndalama zawo paulendo, ndipo tidzachoka tikadzabweza. Ngongoleyo inalibe mapeto, chifukwa sopo, chakudya, ngakhale mankhwala tikadwala, zonse zinkawonjezedwa pomwepo. Nditakana, wa chipsera anandimenya ndi paipi ya mphira mpaka ndinalephera kukhala pansi. Anandiuzanso kuti ndikathawira kupolisi andimanga ine, pakuti ndinanama pa mlatho.

Zimene amuna a pakomboni ankatichita m'tizipinda timeneto sindizifotokoza. Ndingonena kuti kumapeto kwa mwezi, akalandira malipiro, mzere unkafika kumpanda. Ena ankalankhula chinenero chathu. Mmodzi anandifunsa kuti kwathu n'kuti, ndipo nditamuuza anatuluka osandikhudza, koma sanabwerenso, ndipo palibe chimene anachita.

Msuweni wanga anasiya kuseka, kenaka anasiya kulankhula. Tsiku lina atatumidwa kukatunga madzi anataya ndowa n'kuthawira m'tchire. Alonda a pafamu yoyandikana nafe anamugwira n'kumubweretsa atamumanga manja ndi luzi. M'mawa mwake ndikusesa pabwalo ndinaona akumukweza pa lole ya nkhuni, diso limodzi litatupa. Ndinathamangira loleyo, wa chipsera n'kundigwira tsitsi.

"Akupita naye kuti?" ndinakuwa.

"Kumene kulibe tchile lothawilamo," anayankha adona.

Msuweni wanga anangokweza dzanja pang'ono. Sindinamuonenso.

Amene ananditulutsa mmenemo ndi apolisi, koma sanabwere kudzatipulumutsa. Anafika Lamlungu lina masana kudzagwira mowa woletsedwa. Amuna onse anawasiya apite. Adona kunalibe, ndipo wa chipsera anadumpha mpanda. Ife akazi anatifola n'kutifunsa makalata a ukwati. Ndinayesa kufotokozera wapolisi wina wachikuda mmene ndinafikira kumeneko, iye n'kundiuza kuti nonse mumatero. Tinagona m'chitokosi masiku angapo, kenaka aliyense anamubweza kwawo.

Ku boma la Petauke anatitsitsa ine ndi akazi ena awiri pabwalo, pamaso pa anthu odzakhoma msonkho. Mesenjala wa boma anafuula kuti awa ndi mahule obwezedwa ku Halale, abale awo adzawatenge. Amalume anabwera. Njira yonse yopita kumudzi anayenda patsogolo, ine pambuyo.

Kumudzi ndinapeza mawu a adona atafika kale. Anatumiza uthenga wakuti ine anandichotsa ntchito chifukwa chakuba masupuni a mzungu, ndiye ndinayamba ndekha kuyenda ndi amuna. Anati msuweni wanga ali bwino, akulera mapasa a dokotala. Anatumizanso bulangete latsopano kwa azakhali, ati lachokera kwa mwana wawo. Nditapita kukawauza zoona, azakhali anaimirira pakhomo atafunda bulangetelo, ngakhale kunali kotentha.

"Wadziwononga wekha, lomba ufuna kuipitsa mwana wanga?" anatero. "Nsanje idzakupha. Choka pakhomo panga."

Akuluakulu a mpingo anandiimitsa mgonero. Kuchitsime akazi ankadikira ndichoke ndipo atunge. Mwana wanga ankabisala kumbuyo kwa amama akandiona. Amama okha anandikhulupirira, chifukwa ndiwo anandisambitsa ndi madzi otentha n'kuona msana wanga, koma anandipempha kuti ndisiye kulankhula. Pamapeto anandituma ku Nyimba kwa mng'ono wawo, amayi aang'ono, amene anakwatiwa ndi munthu wokonza msewu.

Ku Nyimba ndinayamba kugulitsa nthochi pamsewu waukulu, pamalo oimira basi. Tinalipo akazi ambiri ndi malichero athu pansi pa mitengo. Basi ikaima tinkathamangira kumawindo, fumbi lili koboo. Palibe ankadziwa za ine kupatula amayi aang'ono, ndipo ndinayamba kupeza tulo.

Chilimwe chotsatira, tsiku lina m'mawa, ndikukonza nthochi palichero ndinaona ambulera. Ndinaidziwa ndisanaone nkhope ya mwini wake. Adona anali kutsika lole yochokera ku Petauke, ndipo pambuyo pawo panatsika akazi atatu ndi mitolo pamutu. Kuseri kwa sitolo ija kunatuluka amuna, ndipo wa chipsera anali pakati pawo.

Ndinakokera mpango kumaso n'kukhala pansi kuseri kwa mnzanga wogulitsa naye. Ndinkangoti basi ifike msanga, apite, asandione. Ndinawaona akupereka mapepala kwa amuna aja, ndinaona akuloza uyu ndi uyu. Mmodzi wa akaziwo anaseka mwamanyazi atauzidwa mwamuna wake.

Kenaka adona anatuma mmodzi kudzagula nthochi za paulendo. Anali wamfupi, wa mphini pamasaya, ndipo anadzaima pa lichero langa ndendende. Ndinamupatsa nthochi nditawerama.

"Mwachokela kuti, asisi?" ndinanong'ona.

"Kwa Sandwe."

"Akuuzani kuti mukukalela ana a azungu?"

Anandiyang'ana modabwa. "Mwadziwa bwanji?"

"Akulonjezani makina osokela. Mwamuna uyo akupatsani kuti muvomele pa mlatho. Inenso anandipatsa yemweyo, wa chipsela uyo. Kulibe azungu kumeneko. Kuli nyumba ya mowa, ndipo adzakugulitsani kwa amuna a pamgodi. Musakwele."

Anangoima ndi nthochi m'manja, pakamwa pali yasa. Kuchedwa kwakeko ndiko kunachititsa adona kucheuka. Anabwera pang'onopang'ono, nsapato zikumira mumchenga, n'kuwerama kundiyang'ana pansi pa mpango.

"Ha! Ndiwe?" Anadzuka n'kukweza mawu kuti onse amve. "Anthuni, mukumudziwa uyu mukugula naye malonda? Ndi hule lobwezedwa ndi boma! Anaba kwa mzungu, ndinachita naye manyazi. Lelo afuna kutsekeleza mwayi wa ana a eni!"

Anzanga ogulitsa nawo anandiyang'ana, ndipo amene ndinabisala kumbuyo kwake anasendeza lichero lake. Wa chipsera anayamba kubwera, manja ali m'matumba. Ndinadziwa kuti ku Nyimbanso kwandithera. Mwina n'chifukwa chake mantha anachepa, pakuti panalibenso choti ndibise. Ndinaimirira.

"Inde, boma linandibweza," ndinatero, mawu akutuluka mosasa. "Koma ananditengela kumeneko ndani? Si inu? Munakhala pamphasa ya amama, munapemphela nafe. Msuweni wanga ali kuti? Nenani pano, ali kuti?"

"Ali pa ntchito."

"Ntchito yake munamukweza pa lole atamangidwa manja?"

Wa chipsera anandigwira mkono n'kuupotoza. Ndinakuwa. Ndi dzanja linalo ndinamasula bulauzi n'kuigwetsa paphewa, n'kutembenuzira msana kwa anthu. Mizere ya paipi ija inali isanafufutike, ndipo ilipo mpaka lero.

"Onani ntchito ya kwa azungu!"

Mayi wina wachikulire wogulitsa nsomba zouma anaimirira ndi mpeni wake wodulira m'manja. "Iwe mwamuna, musiye mwanayo," anatero. Ena awiri anaimiriranso. Wa chipsera anayang'ana uku ndi uku, n'kundisiya.

Phokosolo linakoka kapaso amene ankakhala pamsika. Adona anamulandira ndi ulemu wonse, n'kumupatsa mapepala. Iye anawatembenuza, anawerenga zidindo, n'kunena kuti mapepala ali bwino, akaziwa ndi okwatiwa ndipo akuyenda ndi amuna awo.

"Afunseni maina a apongozi awo!" ndinatero.

"Amai, inu si khoti," anayankha kapaso. "Valani."

Nthawi yomweyo basi inatulukira kumtunda, ikuliza hutala. Adona anayamba kukankhira akazi aja kuchitseko. Wa kwa Sandwe sanasunthe. Wa chipsera atamugwira, anakhala pansi pafumbi n'kukumbatira mtolo wake.

"Uyu si mwamuna wanga," anatero. "Ndamuona lelo."

Ananena motsitsa, koma kapaso anamva, ndipo anthu anamva kuti wamva. Wachiwiri, amene anali mng'ono wake wa kwa bambo ena, anayamba kulira n'kudzakhala pambali pake. Dalaivala ankakuwa kuti okwera akwere. Adona anaona kuti kapaso wayambanso kuyang'ana mapepala, ndipo anawatsomphola m'manja mwake n'kukwera. Amuna aja anawatsatira. Kapaso anangoima, osawaletsa.

Wachitatu, uja anaseka, anali ndi phazi limodzi pachitseko. Ndinamuthamangira n'kugwira chitenje chake.

"Asisi, chonde."

"Ndisiye," anatero. "Kwathu ana akudya gaga. Mwina iwe unali ndi tsoka lako."

Anakwera, ndipo basi inanyamuka.

Awiri otsalawo ndinapita nawo kwa amayi aang'ono. Sanandithokoze. Wamng'onoyo analira tsiku lonse, akuti abwerera bwanji kwa Sandwe chimanjamanja, mudzi wonse utawaperekeza ndi nthungululu. M'mawa mwake, amuna a amayi aang'ono atawapezera lole ya ku Petauke, wa mphini uja anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati msana umawawabe. Ndinati nthawi yozizira yokha.

Pamsika malonda anga anafa kwa nthawi. Anyamata ankandiimbira mluzu ndikamadutsa, ndipo mwamuna wina amene anali atayamba kufunsira kwa amayi aang'ono sanaonekenso. Mayi wa nsomba uja ndiye anasuntha dengu lake n'kudzakhala pafupi ndi ine. Pang'ono ndi pang'ono akazi ena anayamba kubwera mmodzimmodzi, monong'ona, kudzandifunsa za mwana wawo kapena mng'ono wawo amene anapita ndi mayi wina wovala bwino. Ndinazindikira kuti adona sanali okha pantchitoyo. Iwo sanadutsenso pa Nyimba. Ndinamva kuti anayamba kudzera njira za m'tchire za kwa Apwitikizi. Za mkazi wachitatu uja sindinamvepo kanthu.

Kumudzi ndinabwerera Chitaganya chitatha, mbendera itasintha. Mwana wanga anali atayamba sukulu, ndipo zinatitengera nthawi kuti tizolowerane. Amuna ambiri anabwerako ku Halale zaka zimenezo, ndipo aliyense wofika ankafunsidwa za msuweni wanga. Wina anati anamuona pafamu ya fodya ali ndi ana, wina anati anamva kuti anamwalira m'chipatala cha pamgodi. Palibe anali ndi umboni.

Tsiku lina masana ndikusenda mtedza pakhonde, ndinaona azakhali akubwera ndi ndodo. Anali atakalamba msanga. Chichokereni tsiku lija anandipirikitsa tinali tisanalankhulane. Anakhala pansi osalonjera, anakokera lichero pakati pathu, n'kuyamba kusenda nane.

"Ndiuze zonse," anatero. "Usandibisile."

Ndinawauza, kuyambira pa mlatho mpaka pa lole ya nkhuni. Sanalire, ndipo manja awo sanasiye kusenda.

"Kodi ankadya?" anafunsa. "Uja sankadya akakhumudwa."

"Ndinkamukakamiza, azakhali. Phala ankamwa."

Anagwedeza mutu. Tinasenda mtedzawo mpaka unatha, ndipo ndinawaperekeza kwawo chifukwa maso awo sankaonanso bwino njira.